Malipiro akumatha pa 15: poyambira ndi pati?

Amayi amene mwafunsa kuti malipiro a K300,000 akumatha pofika pa 15, banja la anthu asanu, nyumba ya lendi, ndipo masiku otsalawo mukudalira ngongole ya pa okala ndi katapila. Ambiri akuyankhani kale kuti lembani bajeti. Sakunama, koma bajeti yolemba tsiku lolandira, ndalama zili m'manja, imangokhala ya maloto. Yambani mwaona kaye kumene zikupita. Tengani kope, kwa masabata awiri okha lembani chilichonse chotuluka, ngakhale ya mandasi, ya kabaza, ya mayunitsi, ndi imene mwadulidwa potapa ndalama kwa ejenti. Mukadzawonkhetsa mudzaona kuti lendi si imene ikukumalizani. Zambiri zikuthera m'kugula kwa lero lokha, ndipo palibe kagulidwe kodula kuposa kameneko.

Wa okala amaoda mafuta ophikira a malita 5 n'kuwagawa m'timachubu. Shuga amamugawa m'timapepala, ufa m'timawokumani, makala m'timajumbo. Pa kalikonse amaikapo phindu lake, ndipo sakulakwa, ndiyo bizinesi yake. Kuti muone nokha, gulani kachubu kamodzi, mutsanulire mafutawo m'kachivindikiro kopimira mankhwala a ana, kaja kolembedwa 5 ml ndi 10 ml. Werengerani kuti timachubu tingati tingadzaze lita imodzi, yomwe ndi 1,000 ml, muchulukitse ndi mtengo wake, kenako mufananitse ndi mtengo wa botolo ku holoselo.

Kutuluka m'menemo sikutheka mwezi umodzi, ndalama yake palibe. Sankhani chinthu chimodzi mwezi uno, tinene mafuta, mugule botolo la mwezi wonse. Ndalama imene mukanagulira timachubu tsiku ndi tsiku iponyeni m'chitini, mwezi wamawa iwonjezere pogula shuga ndi sopo, mwezi winawo thumba la makala. Chimene chimalakwika apa n'chakuti zinthu zikachuluka m'nyumba dzanja limalemera: botolo loti lithe mwezi limatha masabata awiri. Choncho tsanulirani mafuta a sabata imodzi m'kabotolo kakang'ono, lalikululo mutsekere. Sopo wamtanda muduleni zidutswa, muzisiye pouma masiku angapo, chifukwa wofewa amasungunuka msanga m'beseni.

Pa chimanga mpamene pali ndalama yeniyeni. Mtengo umatsika pokolola, kuyambira Epulo mpaka Juni, n'kukwera kwambiri kuyambira Disembala mpaka Febuluwale. Banja ngati lanu limatha pafupifupi thumba limodzi la makilogalamu 50 pa mwezi. Mukamagula matumba awiri kapena atatu mwezi uliwonse m'Meyi, Juni ndi Julayi, ndiye kuti miyezi ya njala ikupezani muli nacho chogula motchipa. Gulani pa sikelo, osati pa ndowa, pakuti ndowa zina n'zophwanya kunsi dala.

Koma chimanga cha nthawi yokolola chimakhala chisanaumitsitse. Mukachitsekera chotero chimachita chuku, ndipo cha chuku si chakudya, chili ndi poizoni. Chiyanikeni pa mkeka kapena pa lona masiku angapo. Poyesa, tengani botolo lagalasi louma bwino, ikanimo chimanga chodzaza dzanja ndi supuni ya mchere wouma, tsekani, khutchumulani, mulisiye kanthawi. Mchere ukamatirira m'mbali mwa botolo, chimangacho chikadali ndi chinyezi. Chikauma, pali njira ziwiri zothanirana ndi anankafumbwe. Yoyamba ndi mankhwala a ufa monga Actellic, kutsatira muyeso wolembedwa pa botolo ndi kusakaniza bwino chimanga chili pa lona, osati kungowaza pakamwa pa thumba. Yachiwiri ndi matumba a PICS, amene ali ndi mapulasitiki awiri mkati ndipo safuna mankhwala. Finyani mpweya utuluke, mangani pulasitiki iliyonse payokha, tizilombo timafa tokha posowa mpweya. Thumbalo likangobooka, kaya ndi khoswe kaya msomali, ntchito yake yatha. Sanjikani matumba pa matabwa, asakhudze simenti kapena khoma.

Nkhani ina imene ambiri safuna kuimva ndi ya ufa woyera. Mukakonoletsa, kuviika ndi kugayitsa, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo atatu a thumba lija limapita ku madeya ndi m'madzi. Mgaiwa umabwerako pafupifupi wonse, ndipo ku chigayo mumalipira kamodzi. Ngati a m'nyumba akuukana, yambani ndi gramilu kapena sakanizani. Mgaiwa suchedwa kuwawa chifukwa uli ndi mafuta a mtima wa chimanga, ndiye gayitsani wa masabata awiri kapena atatu basi. Tsiku limene mwakonoletsa, madeya musawasiye ku chigayo, oweta nkhuku ndi nkhumba amagula.

Nyemba, nandolo, khobwe ndi mtedza nazonso gulani pokolola. Masamba akachuluka m'dzinja futsani, mudzadye mfutso m'chilimwe.

Makala amathera pa nyemba. Ziviikeni usiku wonse, m'mawa mutaye madziwo, muziphike zibwate kwambiri kwa mphindi 20. Kenako phulani poto ali chivindikirire, mumukulunge m'bulangete lakale, mumuike m'dengu. Pakatha maola atatu kapena anayi zimakhala zafewa, kwangotsala kuzikazingira. Makala otsala mukatha kuphika musawasiye anyeke okha, ndiponso musawathire madzi. Aikeni m'chitini chachitsulo n'kutseka, azima okha, mawa muyatsanso. Mbaula yokhala ndi dongo mkati imasunga kutentha kuposa yachitsulo chokhachokha, ndipo ngati mumaphikira nkhuni, Chitetezo Mbaula imadya zochepa kuposa mafuwa.

Za magetsi a ESCOM, yuniti imodzi ndi chipangizo cha mawati 1,000 chikayaka ola limodzi. Babu lakale la mawati 60 loyaka maola 5 pa tsiku limadya mayunitsi 9 pa mwezi, pomwe la LED la mawati 9 silifika ngakhale yuniti imodzi ndi theka. Wailesi ndi kutchaja foni si zimene zimamaliza mayunitsi ayi. Ndi zotenthetsa: hotipuleti, ketulo, ayironi, giza. Sitani zovala za sabata yonse kamodzi, wiritsani madzi a tiyi kamodzi muwasunge mu fulasiki. Muziwerenga mita madzulo alionse kwa sabata, tsiku limene manambala atsika kwambiri mudzifunse kuti munayatsa chiyani.

Madzi ndi chimodzimodzi. Tsekani mipopi yonse, mukayang'ane mita. Ikamayendabe, penapake pakudontha, kawirikawiri ndi m'thanki ya chimbudzi kapena paipi ya pansi, ndipo zonse zodontha kuseri kwa mita amalipira ndinu. Nambala yakuda imodzi ikasuntha pa mita, amenewo ndi malita 1,000, zigubu 50 za malita 20.

Foni nayo imadya mwakachetechete. Bandulo ya tsiku imaoneka yotchipa, koma chulukitsani ndi 30 muone. Tsekani zoti WhatsApp izidzitsitsira yokha zithunzi ndi mavidiyo, ndi zoti mavidiyo a pa Facebook azingoyamba okha. Kukongola mayunitsi, kaya Kutapa kaya Pasavute, kuli ndi kake kamene amadula. Pa Airtel Money kapena Mpamba, kutapa pang'onopang'ono tsiku lililonse kumadula kuposa kutapa kamodzi pa sabata, ndipo magetsi ndi madzi lipirani pa foni pomwepo osayamba mwatapa. Ngati m'nyumbamo muli wosewera kandege kapena kubetcha mpira, zimenezo zilowenso m'kope muja. Anthu amakumbukira tsiku limene anawina, zimene analuza sawonkhetsa.

Tsopano katapila, amene kwa ine ndiye woyamba kuthana naye. Tiyerekeze kuti pa 15 mumatenga K50,000 kuti mudzabweze K75,000. Mwezi watsopano mukuuyamba ndi K225,000, ndiye ndalama zitha msanga kuposa mwezi watha, mubwereranso komweko. K25,000 yapamwambayo kwa miyezi 12 ndi K300,000, malipiro a mwezi wathunthu pa chaka kungopereka kwa munthu. Kusiya kamodzin'kamodzi n'kovuta, koma tsitsani: mwezi uno K35,000, wamawa K20,000, winawo osatenganso. Mwezi umodzi kapena iwiri ya masamba ndi soya pisi ndi yopirika pofuna zimenezi. Khadi la ku banki kapena chiphaso cha unzika musasiye kwa wokongoza aliyense.

Banki m'khonde ndi yabwinopo chifukwa chiwongoladzanja chimabwerera kwa inu nomwe pogawana. Imasanduka msampha munthu akalowa magulu atatu, n'kumakongola uku kuti akabweze uko, kapena gulu likamakakamiza aliyense kutenga ngongole ngakhale alibe chochita nayo. Gulu limodzi n'lokwanira, lokhala ndi malamulo olembedwa, ndipo ndalama ziziwerengedwa pamaso pa onse. Ngati kuntchito kwanu kuli SACCO yovomerezeka ndi Reserve Bank of Malawi, imathandiza chifukwa amadula ku malipiro musanazigwire. Pa chipereganyu, pemphani kuti tsiku lanu lolandira ligwe m'Meyi kapena Juni, lilunjike ku chimanga.

Tsiku lolandira malipiro, lendi ipite tsiku lomwelo. Fizi musamaidikire: sukulu zimatsegulira Seputembala, Januwale ndi Epulo, ndiye gawani fizi ya teremu panayi, muzipatula gawo limodzi mwezi uliwonse. General January amagwira amene sanachite zimenezi. Patulaninso ya chipepeso, perekaniperekani ndi achibale akumudzi, ikhale ndi malire odziwika, ikatha yatha. Kuwauziratu achibale kuti mwezi uliwonse muzitumiza zakutizakuti kumachepetsa mafoni a pakati pa mwezi. Zotsalazo gawani m'maenvulopu asanu, osati anayi, chifukwa mwezi suthera pa masiku 28. Envulopu ya sabata ino ikatha Lachinayi, yamawa isatsegulidwe mpaka Lolemba. Zonsezi bambo a m'nyumba azidziwe ndipo avomereze, apo ayi envulopu izitsegulidwa inu muli ku msika.

Kumbukiraninso kuti kwacha inagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022, n'kugwanso ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, ndipo mitengo siinabwerere. Ndalama yogona pansi pa matiresi imachepa mphamvu, choncho chimene mukudziwa kuti mudzachifuna ndithu, monga feteleza, yunifomu ndi makope, gulirani msanga. Komabe kandalama ka matenda kakhale ndalama ndithu, pa akaunti ina yosayenda nayo ku msika, chifukwa usiku wa malungo simungalipire galimoto ndi thumba la feteleza.

Ngati mukuyamba izi pakati pa Disembala ndi Malichi, musaunjike chimanga, chili pa mtengo wokwera. Gulani cha mwezi umodzi basi, mphamvu zonse zipite pa kutsitsa katapila ndi kugula mafuta a botolo, ndipo chitini chija chiyambe kusonkhera matumba a m'Meyi.