Tifunseni: Kodi dzuwa likalusa lingagwetse setilaiti?

Funso: Ndinamva kuti kuphulika kwa padzuwa kunagwetsa masetilaiti a Starlink. Zimatheka bwanji? Nanga kutentha kwa mu Okutobala kuno kwathu kumachokera komweko? Wowerenga wa ku Malindi, Mangochi.

Yankho: Zinachitikadi. Pa 3 Febuluwale 2022 kampani ya SpaceX inatumiza m'mlengalenga masetilaiti ake 49 a Starlink, omwe ndi opereka intaneti, koma 38 anatsika n'kupsa.

Kuyambira pamtunda wa makilomita pafupifupi 90 kupita m'mwamba kuli mpweya wochepa zedi, dera lomwe akatswiri amalitcha thermosphere. Mpweyawu umamwa cheza champhamvu cha dzuwa chomwe sichifika pansi pano. Dzuwa nalo lili ndi nyengo yake ya zaka pafupifupi 11. Likafatsa, mpweyawu umatentha madigiri pafupifupi 500. Likalusa, umapitirira 1,000. Ukatentha umafufuma n'kukwera, moti pamtunda wa makilomita 400, pomwe pamadutsa International Space Station, chombo chomwe akatswiri amakhalamo pochita kafukufuku m'mlengalenga, ukhoza kuchuluka kakhumi.

Choopsa kwambiri ndi cha mwadzidzidzi. Dzuwa likaphulika limalavula mtambo wa tizidutswa ta magetsi, womwe umafika kuno patatha tsiku limodzi mpaka atatu. Ukagunda maginito a dziko lapansi, magetsi amphamvu amayenda m'mwamba kumpoto ndi kum'mwera kwenikweni kwa dziko, n'kutenthetsa mpweya, ndipo m'maola ochepa kufufumako kumafalikira konsekonse. Setilaiti imayamba kuvutika ngati bwato lopalasa molimbana ndi mwera: mpweya umaikoka, imatsika, kumunsiko n'kukumana ndi mpweya wochulukirapo. Masetilaiti aja anali pansi kwambiri, makilomita 210 okha, ndipo mpweya unawakoka ndi mphamvu yoposa ya masiku onse ndi pafupifupi theka. Chimphepo cha maginito chomwe chinachititsa zimenezi sichinali chachikulu n'komwe. Pa muyeso wa Kp, woyezera kukula kwa zimphepo zoterezi, womwe umayambira 0 kulekeza 9, chinali cha 5 basi, pomwe cha mu Meyi 2024 chinafika 9.

Za mu Okutobala zija, ayi. Mphamvu yonse ya dzuwa imasintha ndi gawo limodzi mwa 1,000 lokha m'zaka 11 zija, ndipo mpweya wa kumtundako ndi wochepa moti sungatenthetse pansi. Mangochi ali m'chigwa, dzuwa limakhala paliwombo, mitambo kulibe, nthaka ili gwa kuuma kudikira mvula ya mu Novembala.