Kwa achemwali a ku Bradford, za ndalama ya nyengo yozizira ndi bilu ya magetsi

Achemwali, mwafunsa ngati n'zoona kuti kunja kukazizira mpaka madzi kuundana, kampani ya magetsi imaika ndalama pa bilu, poti mnzanu wa kuntchito walandira £25 koma inu simunaone kanthu. Mwati muli pa viza ya ntchito yosamalira okalamba, muli ndi mwana wa zaka zitatu, mita yanu ndi yothira mayunitsi, ndipo kwabwera uthenga pafoni wokhala ndi linki yoti mulembetse. Ndiyambe ndi uthengawo: linkiyo musaidine. Thandizo lenileni la nyengo yozizira kuno ku UK silifunsa nambala ya khadi la kubanki pa uthenga wa pafoni. Utumizeni ku 7726, ndi kwaulere, kenako muufufute. Akubawa amadziwa kuti anthu akukumbukirabe £400 ija imene boma linapereka ku nyumba iliyonse kuyambira Okutobala 2022 mpaka Malichi 2023, yomwe inkachotsedwa pa bilu £66 kapena £67 pamwezi. Ija inali ya aliyense, osayang'ana viza, koma inatha kalekale.

£25 ya mnzanuyo ndi Cold Weather Payment. Siichokera ku kampani ya magetsi ayi, ndipo siilowa pa bilu. Amapereka ndi a DWP, nthambi ya boma yoona za thandizo la ndalama ndi penshoni, ku akaunti ya kubanki yomwe munthu amalandirira thandizo lake la boma. Imatuluka pakati pa 1 Novembala ndi 31 Malichi, ngati kwa masiku 7 otsatizana avareji ya kuzizira m'dera lanu yafika pa madigiri 0 kapena kutsikirapo, kaya ayeza kale kaya a zanyengo alosera kuti zikhala choncho. Postcode iliyonse anailumikiza ku siteshoni yake ya zanyengo. N'chifukwa chake mutha kupala chisanu pagalasi la galimoto m'mawa uliwonse sabata yathunthu, zala zitachita dzanzi, koma ndalama osatuluka, poti masana kukumafundako mpaka madigiri 4 kapena 5 ndipo avareji ikukwera. Ikatuluka imafika yokha pasanathe masiku 14 ogwira ntchito, palibe fomu yodzaza.

Koma vuto lanu si nyengo. Ndalamayi amalandira okhawo amene ali pa thandizo la boma monga Pension Credit, kapena Universal Credit ngati sali pantchito ndipo ali ndi mwana wosakwana zaka 5 kapena matenda owalepheretsa kugwira ntchito, kapenanso ngati ali ndi mwana wolumala. Mnzanuyo mwina mapepala ake ndi osiyana ndi anu. Inu tsegulani eVisa yanu muone. Ma viza a ntchito ndi a sukulu amalembedwa kuti no public funds, kutanthauza kuti simuloledwa kulandira thandizo la ndalama za boma, ndipo Cold Weather Payment ili pa mndandanda wa ndalama zoletsedwazo. Apa ndiye ndikuchondererani. Wina asakunyengerereni kuti "ingolembetsani Universal Credit, ena akudya". Kuphwanya lamulo la viza kungakuvulazeni tsiku lokawonjezera viza kapena lopempha chilolezo chokhazikika, ndipo £25 ndi yochepa kwambiri poyerekeza ndi zimene mwawononga kale kuti mufike kuno.

Ndalama imene imaonekadi pa bilu ndi ina, Warm Home Discount. Ndi £150, kamodzi pa nyengo yozizira, kaya kwazizira kwambiri kaya ayi. Kampani imaichotsa pa bilu ya magetsi pofika pa 31 Malichi, ndipo a mita yothira amalandira vocha kapena amaiika pa mita mwachindunji. Ku England ndi ku Wales imabwera yokha, boma limafananitsa maina ake ndi a makampani, n'kukutumizirani kalata. Nayonso imatsata thandizo la boma la anthu opeza zochepa, ndiye kwa inu chitseko n'chotsekabe. Ndikuitchula chifukwa pagulu pano pali abale okhazikika kale amene akuiphonya pa chinthu chaching'ono: dzina. Pa tsiku lina la mu Ogasiti limene boma limasankha, dzina lanu kapena la amene muli naye pabanja liyenera kukhala pa bilu ya magetsi. Ngati bilu ikadali m'dzina la mlamu amene anasamukira ku Luton, kapena mukuchita lendi chipinda chomwe magetsi analowa kale mu lendi, £150 ija simuiona. A ku Scotland zanu n'zosiyanako. Kumeneko kuli Winter Heating Payment, imabwera kamodzi pachaka osadikira kuti kuzizire, ndipo ena amayenera kulembetsa okha Warm Home Discount ku kampani yawo, msanga isanatsekedwe.

Tsono inu mutani? Imbirani kampani yanu mawa lomwe. Ambiri timaopa, timaganiza kuti tikanena kuti zatithina atidulira magetsi kapena nkhaniyo ifika ku Home Office. Kampani ya magetsi si ofesi ya viza. Malamulo a Ofgem, bungwe loyang'anira makampani a magetsi ndi gasi, amaikakamiza kuthandiza kasitomala wa mita yothira amene watsala pang'ono kukhala mumdima. Pali emergency credit imene mumaitsegula nokha pa mita mayunitsi akatsala pang'ono. Pali friendly hours credit, yoti usiku, kumapeto kwa sabata ndi pa maholide magetsi asazime ngakhale mayunitsi atatha. Ndipo pali additional support credit, imene anthu ambiri saidziwa chifukwa muyenera kuipempha ndi pakamwa panu. Mawu oti munene ndi omwewo, mutchule dzina lakelo, munenenso kuti m'nyumba muli mwana wa zaka zitatu ndipo mukulephera kuthira mayunitsi. Mawu akuti mwana amasintha kalankhulidwe ka munthu wa pafoni uja.

Dziwani kuti zitatu zonsezi ndi ngongole, si mphatso. Azidula pang'onopang'ono mukamathira. Musangovomera chilichonse chimene atchule. Lamulo limati ayang'ane zimene mungakwanitse, ndiye ngati mungathe £3 pasabata nenani £3. Ndipo musadabwe mukathira £20 pa mita ya gasi n'kuona kuti yatsala £11. Pali standing charge, ndalama ya tsiku ndi tsiku imene imawerengedwa ngakhale musanayatse kalikonse. Amene anasiya kuthira gasi m'miyezi yotentha amaipeza itaunjikana, n'kumaganiza kuti mita yawabera.

Pa foni yomweyo apempheni akulembeni pa Priority Services Register. Ndi yaulere, si thandizo la boma, safunsa viza. Amalembapo a mwana wosakwana zaka 5, amayi oyembekezera, odwala, olumala, okalamba, ngakhale amene Chingerezi chimawavuta. Bilu siitsika ayi, koma magetsi akamadzazimitsidwa amakuuziranitu, akazima mwadzidzidzi amayamba kuganizira inu, ndipo pa kompyuta yawo mumaoneka ngati nyumba yofunika kuisamala. Ine ndimaona kuti chimenechi ndiye choyamba kuchita kwa aliyense wa mwana wamng'ono pagulu pano.

Ngati pa mita pali kale ngongole yaikulu, funsani za thumba lawo lothandizira ovutika. British Gas Energy Trust ilipo ndipo nthawi zina imalandira ndi makasitomala a makampani ena, Octopus ili ndi Octo Assist, E.ON Next ili ndi Energy Fund yake. Izi ndi ndalama za makampani, sizili pa mndandanda wa public funds, ngakhale thumba lililonse lili ndi malamulo akeake ndipo ena amafunabe umboni wa thandizo la boma. Kawirikawiri amafuna muyambe mwakambirana ndi alangizi a za ngongole monga Citizens Advice kapena StepChange, mubweretse masitetimenti a kubanki, mapepala a malipiro ndi manambala a pa mita. Ntchito yotopetsa kwa munthu wochokera ku shifiti ya usiku, koma ena ngongole yawo imafafanizidwa ndithu. Matumbawa amatsekedwa ndalama zikatha, ndiye osadikira Febuluwale. A Citizens Advice omwewo kapena a food bank angakulembereninso vocha ya mayunitsi ya Fuel Bank Foundation. Ku khonsolo mutha kufunsa, koma yambani mwawauza kuti viza yanu ndi yotani, chifukwa ndalama zina za khonsolo zimawerengedwa ngati za boma pomwe zina, makamaka zothandiza mwana amene ali pa vuto, siziwerengedwa.

Nthawi ina imene nyengo yoipa imabweretsadi ndalama kwa aliyense ndi pamene magetsi azima nthawi yaitali. Imbani 105, nambala yonenera kuti magetsi azima, ndi yaulere. Olipira chipukuta misozi ndi eni mawaya, kwanuko ndi Northern Powergrid, osati amene amakutumizirani bilu. Pa mphepo yamkuntho amayamba kuwerengera pakatha maola 24 kapena 48, kutengera kukula kwake. Storm Arwen itadutsa mu Novembala 2021 n'kusiya anthu mumdima masiku ambiri, Ofgem inakweza malire a chipukuta misozicho kuchoka pa £700 kufika pa £2,000. Lembani nthawi imene azima ndi imene ayaka.

Pamene mukudikira zonsezi, mwanayo asagone m'chipinda chozizira pofuna kusunga mayunitsi. A zaumoyo kuno amati chipinda chikhale pa madigiri 18. Fundisani chimodzi chimene mumakhalamo, zitseko zina mutseke, pansi pa chitseko muikepo thaulo lopinda. Ka hita kouzira mphepo kaja ka 2kW kamadya mayunitsi awiri pa ola limodzi, pomwe bulangete la magetsi la akuluakulu silifika ngakhale gawo limodzi mwa magawo khumi a zimenezo. Koma zolowetsa mbaula kapena chowotchera nyama m'nyumba monga timachitira kwathu mu Juni, kapena kutsegula uvuni wa gasi kuti muothe, chonde ayi. Nyumba za kuno n'zotsekeka paliponse, mpweya wa makala sununkha, munthu amangogona osadzukanso. Boyila ikafa wokonzetsa ndi landilodi, si inu, ndipo ku England lamulo limamukakamiza kuika alamu ya carbon monoxide, mpweya wakupha uja, m'chipinda momwe muli boyilayo. Ngati mulibe, mulembereni uthenga lero kuti umboni ukhalepo.

Poimba mawa mukhale ndi nambala ya akaunti, manambala a pa mita ndi cholembera. Lembani tsiku, dzina la amene mwalankhula naye ndi zimene walonjeza, ndipo mumupemphe akutumizireni pa imelo. Akakukanizani additional support credit popanda chifukwa chomveka, nenani kuti mukufuna alembe ngati dandaulo ndipo akupatseni nambala yake. Pakatha masabata 8 osakonza, dandaulolo mutha kupita nalo kwa Energy Ombudsman, ofesi yoweruza madandaulo a makasitomala a magetsi ndi gasi, osalipira kalikonse.