Kupambana kukhoti si kubwerera kumudzi

Achimwene, mwafunsa ngati eni nthaka akapambana kukhoti malo awo amabwerera. Ayi ndithu. Onani a San, omwe ena amawatcha Basarwa, a ku nkhalango yosungirako nyama ya Central Kalahari Game Reserve ku Botswana. Mu 1997 ndi 2002 boma lidawakweza m'malole kukawatula kunja kwa nkhalangoyo, ku New Xade ndi Kaudwane. Cha 2002 ndiye chimandiwawa: aboma adachotsa pampu pa mjigo wa m'mudzi wawo wa Mothomelo n'kuutseka, madzi a m'mathanki n'kuwakhuthulira pamchenga. M'chipululu! Ludzu nalo lidasamutsa anthu.

Roy Sesana, mmodzi mwa atsogoleri a San, ndi anzake adasumira boma. Pa 13 Disembala 2006 khoti lalikulu ku Lobatse lidagamula kuti kuwachotsa kuja kudali kuphwanya malamulo. Mukuganiza kuti zidathera pomwepo? Boma lidati chabwino, koma chigamulochi n'cha anthu 189 okha omwe mayina awo ali pachikalata cha mlandu. Otsalawo azipempha chilolezo kuti akaone abale awo, ngati alendo pamudzi pawo pomwe.

Nanga madzi? Khoti lidati boma silikakamizidwa kuwapatsa madzi, boma n'kugwiritsa mawu omwewo kuwaletsa kutsegula mjigo uja ngakhale ndi ndalama zawo. Nthawi yomweyo nyama zakutchire zikukumbiridwa zitsime, loji ya alendo ili ndi dziwe losambiramo m'nkhalango momwemo. Nkhanza zotani izi? Mpaka Januwale 2011 ndi pomwe khoti la apilo lidawalola kutunga ku Mothomelo. Pofika 2014 mgodi wa dayamondi wa Ghaghoo udatsegulidwa ku Gope, mkati mwa malo omwe ankati anthu akuwononga chilengedwe.

Ndiye mvetserani za mkulu wina wa a San, Pitseng Gaoberekwe. Adamwalira mu Disembala 2021, ana ake akufuna kukamuika kwawo m'nkhalangomo, makhoti n'kukana. Mtembo udagona kumotchale zaka zitatu. Adaikidwa kwawoko ku Metsiamanong mu Disembala 2024, a Duma Boko, omwe kale adali m'gulu la maloya a anthuwa, atakhala pulezidenti. Si khoti lomwe lidamuika, ndi chisankho.

Komabe ine ndingati kukhoti pitani. Kungoti lembetsani aliyense, agogo, makanda, ngakhale amene ali kutauni, chifukwa dzina losalembedwa boma silimalidziwa. M'dandaulo musangolemba kuti mukufuna malo. Tchulani chimodzichimodzi: madzi, kusaka, kulowa ndi kutuluka popanda chilolezo, manda. Chomwe simudatchule adzakumanani nacho. Jambulani zitsime ndi manda akale mabuludoza asanafike. Ndipo musachoke nonse pamalopo mlandu uli mkati, ena atsale olo zivute bwanji, chifukwa mukangochoka amadzati mudasamuka mwakufuna kwanu, monga momwe boma la Botswana lidanenera kukhoti.