Kodi Lorkhan anali wachinyengo kapena ngwazi?

Wowerenga wina wanditumizira imelo. Akuti anamaliza sewero la pakompyuta la Skyrim, tsopano wayamba linzake la Morrowind, koma mabuku amene akuwapeza m'masewerowa amusokoneza mutu: ena akunyoza mulungu wotchedwa Lorkhan, ena akumutamanda. "Zoona ndi ziti," akufunsa, "nanga phiri la Red Mountain likukhudzidwa bwanji?"

Zikomo pondilembera. A Bethesda, kampani imene inapanga masewerowa, anachitira dala zimenezi. Mabukuwo analembedwa ngati kuti eni ake ndi anthu a ku Tamriel komweko, dziko la m'masewerowa, aliyense akukokera kwawo. Choncho musanakhulupirire buku, yambani mwafunsa kuti wolembayo ndi wa mtundu uti.

Mitundu yambiri imavomereza kuti Lorkhan ndiye anakopa milungu inzake kuti ilenge dziko lokhala ndi imfa, ndipo ntchitoyo inaiyamwa mphamvu. A Altmer, mtundu wa ku Summerset, amapitiriza kuti milunguyo inamuweruza, mulungu Trinimac anamuzula mtima, ndipo mulungu Auri-El anaumangirira ku muvi n'kuuponya kutali m'nyanja. Mlanduwo akuti unakambidwira pa nsanja ya Adamantine, pachilumba cha Balfiera ku High Rock, ndipo pamene mtimawo unagwera panatumphuka Red Mountain, pachilumba cha Vvardenfell. Tambasulani mapu muone: Balfiera ili kumadzulo, Vvardenfell kumpoto chakum'mawa. Muviwo unadumpha chigawo chonse cha Skyrim, chimene chili pakati pa malo awiriwa. Ichi ndicho chimandikoka mtima m'dziko limeneli, kuti nthano zake zili ndi malo oti ungalozepo chala.

A Altmer amamuda chifukwa amakhulupirira kuti iwo ndi mbumba ya milungu, ndipo Lorkhan anawatsekera m'dziko la ukalamba ndi maliro. A Nord, anthu a ku Skyrim, amamutcha Shor, mfumu imene inamenyera nkhondo anthu mpaka kuphedwa. Paja munafika ku Sovngarde, kumene ngwazi za a Nord zimapita zikafa, kumapeto kwa Skyrim, mutawoloka mlatho wa mafupa a namgumi umene mulungu Tsun amalondera. Mpando waufumu wopanda munthu uja m'nyumba ya madyerero ndi wa Shor. A Khajiit amati Lorkhaj, a Redguard amati Sep, ku Cyrodiil amati Shezarr.

Tsono pano ndiulula mathero a Morrowind, ya 2002 ija, ndiye ngati simukufuna, lumphani ndimeyi. Mtimawo ulipodi. Mudzauona ndi maso anu pansi pa phirilo, m'phanga la Dagoth Ur, mdani wamkulu wa m'sewerolo, ukugunda, ndipo mudzaumenya ndi nyundo ya Sunder ndi mpeni wa Keening mutavala golovesi ya Wraithguard kudzanja. Zida zimenezi anapanga ndi Kagrenac wa mtundu wa Dwemer, mtundu umene unazimirira nthawi imodzi pa nkhondo ya pa phiri lomwelo, cha m'chaka cha 700 cha Nyengo Yoyamba. Vivec, Almalexia ndi Sotha Sil, milungu itatu ya ku Morrowind yotchedwa Tribunal, anatapa umulungu wawo pamtima womwewo. Mphepo ya phulusa yofalitsa matenda, mpanda wa Ghostfence wozinga phirilo, zonse gwero lake ndi pomwepo.

Inu mukufuna ndisankhe mbali. Ine ndimatsamira kwa a Nord. N'zoona kuti Lorkhan sanaiuze milungu inzake kuti idzataya zochuluka bwanji, ndipo pamenepo a Altmer sakunama. Koma popanda iye kukanakhala kulibe Tamriel, kulibe Whiterun kapena Balmora, kulibenso munthu woti n'kumadandaula. Mukafika ku mzinda wa Vivec, lowani mu laibulale ya m'kachisi, muwerenge zimene ansembe a Tribunal amaphunzitsa za nkhondo ya pa Red Mountain, kenako mukamve a Ashlander, anthu osamukasamuka a ku Vvardenfell, m'misasa yawo akusimba za imfa ya Nerevar, mtsogoleri amene anamenyana ndi a Dwemer pa nkhondoyo.