Tifunseni za Maulendo: Tsiku Limodzi ku Sergiev Posad

FUNSO: Zikomo achimwene a danga lino. Ine ndine mayi wa Mvano, ndimakhala kufupi ndi Lizulu ku Ntcheu. Mwana wanga wachisamba akumaliza maphunziro a udokotala ku Moscow mu Juni, ndipo wanditumizira tikiti kuti ndikaonerere mwambo wake. Akuti tsiku limodzi adzanditengera ku tauni ina ya amonke yotchedwa Sergiev Posad. Bambo a kunyumba akuti n'kutaya nthawi, poti ku Russia chikomyunizimu chidapha mapemphero kalekale, ndikangoona mabwinja. Mnzanga wa ku Mvano nayenso akuti kumeneko amapsompsona mafupa a akufa ndi kugwadira zithunzi, ndiye ine wa CCAP ndikachimwa. Kodi ndipite? Ndikavale chiyani? Mawondo angawa salola kuyenda mtunda wautali.

Mayi wa dokotala, Ntcheu

YANKHO: Pitani, mayi. Mwana wanu wasankha bwino. Ine pamene ndinkaphunzira za ziweto ku Moscow, mlendo aliyense wochokera kuno ndinkamutengera kumeneko, ndipo amene ankabwerako ali chete m'sitima, akusinkhasinkha, anali anthu opemphera ngati inu.

Tiyambe ndi bambo a kunyumba. Akunena zoona, koma nkhani yawo idaima panjira. Boma la chikomyunizimu lidatsekadi nyumba ya amonke ya m'tauniyi mu 1920 n'kubalalitsa amonke. Mu 1930 lidagwetsa mabelu akuluakulu kuchokera pansanja n'kuwaphwanya, ndipo chaka chomwecho tauniyo idasinthidwa dzina kukhala Zagorsk. Koma nkhondo yachiwiri ya dziko lonse itatha, mtsogoleri wa dzikolo Stalin, yemwe mabelu aja adaphwanyidwa mu ulamuliro wake, adalola kuti malowa atsekulidwenso, ndipo pa Pasaka wa 1946 mapemphero adayambiranso. Dzina lakale lidabwerera mu 1991. Lero mukapezako amonke ovala zakuda ali pikitipikiti, ndi anyamata ophunzira unsembe, chifukwa sukulu yaikulu ya zaumulungu ya mpingo wa Orthodox ku Russia idasamukira kumeneko mu 1814. Bungwe la UNESCO lidaika malowa pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse mu 1993, mndandanda womwewo umene zojambula za m'mapanga a Chongoni kwathu kuno ku Dedza zidalowapo mu 2006. Mabwinja kulibe. Vuto lomwe mukakumane nalo ndi kuchuluka kwa anthu.

Tauniyi ili pa mtunda wa makilomita pafupifupi 70 kuchokera ku Moscow, chakumpoto cha kum'mawa. Mukakwere sitima pa siteshoni ya Yaroslavsky. Yoima paliponse imatenga ola limodzi ndi theka, yothamanga imachepetsako. Lawirirani. Mu Juni kumeneko dzuwa limalowa itadutsa 9 koloko usiku, ndiye mwana wanu angakunyengerereni kuti nthawi ilipo yambiri, koma mabasi a alendo amafika chakumasana ndipo mizere imatalika. Kuchokera pa siteshoni kukafika pachipata ndi mphindi ngati 15 wapansi. Kunena za mawondowo, takisi ilipo, komabe ndikadakonda mutayenda pang'onopang'ono mpaka pa kachitunda kotchedwa Blinnaya Gora. Pamenepo nyumba yonse ya amonke imaonekera nthawi imodzi: linga loyera, nsanja zake, ndi madenga obulungira, ena agolide, ena obiriwira ngati thambo okhala ndi nyenyezi. Chithunzi chodzaonetsa ku Mvano mukajambulitse pamenepo, chifukwa mukalowa m'kati nyumba zathithikana ndipo sizikwana m'foni.

Linga limenelo silidamangidwe kuti likongoletse malo. Lidamangidwa m'zaka za m'ma 1540, ndipo kuyambira 1608 mpaka 1610 asilikali a Poland ndi Lithuania adalizinga kwa miyezi 16. M'katimo munali amonke, asilikali ndi anthu a m'midzi yozungulira omwe adathawiramo. Ambiri adafa ndi matenda nthawi ya chisanu, koma adaniwo sadalowe. Ngakhale Peter Wamkulu, asanagwire ufumu bwinobwino, adathawira m'linga lomweli mu 1689 poopa asilikali a mlongo wake Sophia.

Mukalowa, maso adzathamangira ku tchalitchi chachikulu cha madenga a nyenyezi aja, chomwe mfumu Ivan Woopsa adalamula kuti chimangidwe mu 1559 ndipo chidatha mu 1585. Pambali pake pali kamanda kakang'ono ka mfumu Boris Godunov ndi banja lake, komwe anthu ambiri amangodutsa osadziwa. Nsanja ya mabelu ndi yotalika mamita 88, ndipo belu lake lalikulu, lomwe lidakwezedwa mu 2004 kulowa m'malo mwa lophwanyidwa lija, limalemera matani 72. Zonsezi muzione, koma musathere mphamvu pamenepo.

Mphamvu zanu musungire katchalitchi kakang'ono koyera kokhala ndi denga limodzi lagolide, komwe kali chakumapeto kwa bwalo. Ndi tchalitchi cha Utatu Woyera, chomangidwa ndi miyala mu 1422 ndi 1423, ndipo zina zonse mudzaonezo zidabwera chifukwa cha icho. Cha m'ma 1337 mnyamata wina dzina lake Bartholomew adalowa m'nkhalango ndi mkulu wake Stefan, namanga kanyumba ndi katchalitchi kamitengo pa chitunda cha Makovets. Mkulu wakeyo sadapirire, adapita ku Moscow. Mng'onoyo adatsala yekha, adakhala mmonke natenga dzina loti Sergius, ndipo a ku Russia amasimba kuti ankagawana buledi wake ndi chimbalangondo. Anthu adayamba kumutsatira mmodzimmodzi. Atakhala mtsogoleri wawo ankatungabe madzi, kuwaza nkhuni ndi kuvala zigamba, ndipo atamupempha kuti akhale mkulu wa mpingo wonse wa dzikolo adakana. Mu 1380 kalonga Dmitry Donskoy adabwera kudzapempha madalitso ake asanakamenyane ndi a Tatar, omwe ankapondereza dzikolo nthawi imeneyo, ku Kulikovo. Sergius adamwalira mu 1392, ndipo thupi lake lili m'bokosi la siliva m'katchalitchi kameneka.

M'katimo ndi mwamdima, mumanunkhira lubani ndi phula la makandulo, ndipo pafupifupi tsiku lonse pamakhala wansembe ndi anthu ochepa akuimba pafupi ndi bokosilo, popanda limba kapena ng'oma, mawu okha basi. Mzere wa anthu umayenda pang'onopang'ono, aliyense akafika amawerama, kupsompsona bokosilo, n'kudutsa.

Apa ndi pomwe pali nkhawa ya mnzanu uja. Palibe adzakukakamizeni kulowa pamzere. Imani chakumbuyo pafupi ndi chipupa, mupemphere monga mumapempherera pa Mvano, mutuluke mukakhutira. Eni ake mukawafunsa amakuuzani kuti kupembedza ndi kwa Mulungu yekha, zithunzi ndi mafupa a oyera mtima amangozilemekeza. Inu ndi abusa anu mutha kusagwirizana nawo, ndipo si ine wokagamula mlandu umene wakhalapo zaka mazanamazana. Chomwe ndikupemphani n'choti musakaseke kapena kuloza chala. Mayi wachikulire amene wagwada patsogolo panu mwina wayenda masiku awiri pa sitima atanyamula kapepala kolembapo maina a odwala a kwawo. Mgonero wokha musakayandikire: mpingo wa Orthodox umapereka kwa anthu ake okha.

Kutsogolo kwa tchalitchicho kuli chipupa chodzaza ndi zithunzi zopatulika, zambiri mwa izo zojambulidwa ndi Andrei Rublev, Daniil Chorny ndi anzawo m'zaka za m'ma 1420. Musananyamuke ku Ntcheu werengani Genesis 18, pamene alendo atatu adafika kwa Abrahamu pa mitengo ya thundu ya ku Mamre. Chithunzi chotchuka kwambiri cha Rublev, cha Utatu Woyera, chidajambulidwira tchalitchi chimenechi ndipo chikuchokera pa mutu umenewo. Ojambula ena a nthawiyo ankaikamo Abrahamu, Sara, mnyamata wopha mwanawang'ombe ndi mbale zambirimbiri. Rublev adawasiya onse. Adangotsala ndi atatu aja atakhala mozungulira tebulo, mitu yopendekera kwa wina ndi mnzake, chikho chimodzi pakati, ndipo mbali ya tebulo yoyang'ana kwa inu woonerera ilibe munthu. Chithunzichi chidakhala zaka zambiri ku nyumba yosungiramo zojambula ya Tretyakov Gallery ku Moscow kuyambira 1929, mpaka boma lidachibwezera ku mpingo mu 2023. Muchifunefune m'tchalitchi momwemu, mu mzere wapansi wa chipupa chija, kudzanja lamanja la chitseko chapakati. Ine, mwana wa Mkatolika wa ku Bembeke amene ndidakula ndikuona zithunzi za oyera mtima, sindidaonepo chojambula chofatsa chotere.

Za zovala musavutike. Duku ndi chitenje chofika m'mapazi, mapewa ophimba, mwatha. Mudzaoneka bwino kuposa alendo ambiri a ku Ulaya. Mwana wanu, ngati ndi wamwamuna, ndiye avule chipewa ndipo asavale kabudula. Juni ameneyu, pamene ku Lizulu mukuwotha moto masana, ku Moscow kumakhala kofunda, choncho juzi imodzi ndi ambulera zikukwanirani. Nsapato zikhale zafulati. Mudziwiretu kuti m'matchalitchi awo mulibe mipando ya mizere. Anthu amapemphera chiimire ngakhale maola awiri kapena atatu. Mabenchi ochepa a m'mbali mwa chipupa ndi a okalamba ndi odwala, ndipo inu mukhalepo popanda manyazi. M'kati mwa tchalitchi cha Utatu foni ikhale m'thumba, ndipo mmonke musamujambule musanapemphe.

Pabwalo pali kasupe pomwe anthu amatunga madzi m'mabotolo, ndiye tengani kabotolo kanu. Njala ikakupwetekani, pafupi ndi chipata amagulitsa buledi wa amonke ndi timabanzi totchedwa pirozhki, tina toikamo kabichi, tina mbatatesi. Ndikudziwa kuti munthu wa ku Lizulu kukwera ndege ulendo wonsewo n'kukadya kabichi ndi mbatatesi ndi nthabwala, koma mukalawe, n'tokoma tikakhala totentha. Chakumwa chawo ndi kvass, chopangidwa ndi buledi wakuda, chowawasira ngati thobwa logona tsiku limodzi. Chomwe mayi wa Mvano akane ndi medovukha: ndi chauchi, chotsekemera, koma ndi mowa. Ndalama mutenge za m'manja, ma ruble, chifukwa makadi a Visa ndi Mastercard a mabanki akunja adasiya kugwira ntchito ku Russia mu 2022. Pasipoti isachoke m'chikwama chanu. Anthu ena adzakuyang'anitsitsani, makamaka ochokera kumidzi yakutali omwe sadaonepo munthu wakuda pafupi. Agogo ena angafune kujambulitsa nanu, ndipo kuvomera kapena kukana zili kwa inu.

Mwana wanu akanena zopitanso ku Chernigovsky Skete, komwe kuli timapanga ta amonke makilomita ochepa kunja kwa tauni, muyambe mwafunsa mawondo. Masitepe ake ndi opapatiza. Ndipo ngati ulendo wanu ungafike m'Julayi, pewani tsiku la 18, lomwe ndi chikondwerero cha Sergius, simudzapeza poponda.

FUNSO: Akulu, ine ndimasema ziboliboli ndi kugulitsa pa Dedza boma. Mzungu wina adandionetsa chidole chamtengo cha mayi wovala duku, ukachitsekula mumatuluka china, m'menemonso china, mpaka kakang'ono kwambiri. Adati n'cha ku Russia. Amachipanga bwanji, ndipo ine ndingathe?

Wosema, Dedza

YANKHO: Kalata yanu, achimwene, ndaisunga dala kuti ituluke limodzi ndi ya mayi a ku Ntcheu, chifukwa tauni yomweyi ndi imodzi mwa kwawo kwa chidolecho. Dzina lake ndi matryoshka. Choyamba chidapangidwa m'zaka za m'ma 1890: adachizungulitsa pa makina ndi Vasily Zvyozdochkin, adachipenta ndi Sergey Malyutin, ndipo chinali ndi zidole 8. Chitaonetsedwa pa chionetsero chachikulu ku Paris mu 1900 anthu akunja adayamba kuchifuna, ndipo amisiri a ku Sergiev Posad, omwe ankasema kale zidole zogulitsa kwa anthu odzapemphera, adayamba kupanga zambiri. Nyumba yosungiramo zidole zakale ili m'tauni momwemo kuyambira 1931.

Sompho ndi mpeni pazokha sizikwanira. Chidolechi chimafuna makina ozungulitsa mtengo, ngati omwe akalipentala amapangira miyendo ya matebulo. Iwo amagwiritsa ntchito mtengo wofewa, wopepuka, wotchedwa linden, ndipo amauumika panja pamthunzi kwa zaka ziwiri kapena kuposerapo. Amayamba ndi kakang'ono kosatsekuka kaja, kenako chotsatira amachiboola molingana ndi kameneko, mpaka chachikulu. Luso lonse lili pa mlomo pomwe theka lam'mwamba limakumana ndi lam'munsi: pakhwepa chidole chimagwa, pathina chimang'aluka. Mbawa ndi muwanga zanu zija zisiyeni kaye, n'zolimba. Yeserani pa malaina wouma bwino. Ndipo mukafika popenta, musakopere mayi wa ku Russia, poti mlendo amene waima pa Dedza akufuna cha kuno. Pentani mayi wachingoni ndi mikanda yake, ana ake m'kati, ndipo yambani ndi zidole zitatu zokha kufikira mlomo uja utakukhalirani.