Musanagule masheya a kampani yaing'ono yobwereketsa ndalama

Bambo, mwafunsa ngati masheya a kampani yaing'ono yobwereketsa ndalama ndi otchipa, popeza mtengo wake uli pansi pa wa mabanki a Zanaco ndi Standard Chartered Bank Zambia pa msika wa Lusaka Securities Exchange. Mtengo wa sheya imodzi pawokha sungakuuzeni kanthu, chifukwa kutero kuli ngati kuyerekeza meda ya nshawa ndi thumba lathunthu pa msika wa Kapata ku Chipata. Tengani lipoti la pachaka la kampaniyo, mugawe mtengo wa sheya ndi phindu limene sheya iliyonse yapeza, kenaka muchite chimodzimodzi ndi makampani anzake. Koma anzakewo akhale a ntchito imodzi, pakuti kampani ya inshuwalansi monga Zambia Reinsurance imapeza phindu mwanjira ina, ndipo imayang'aniridwa ndi Pensions and Insurance Authority, pamene obwereketsa ali pansi pa Bank of Zambia.

Pamene ine ndimakhalitsapo ndi pa ngongole zimene anthu asiya kubweza. Banki yaikulu imabwereketsa ndalama zimene anthu amasungitsa pa chiwongoladzanja chochepa, koma kampani yaing'ono nthawi zambiri imayamba yakongola yokha pamtengo wokwera, motero okongola ochepa chabe akalephera kubweza, phindu lonse limapita. Funsani kuti ngongolezo zili m'manja mwa ayani. Ngati ambiri ndi alimi ndi amalonda a mbewu, monga zilili kuno kum'mawa kwa Zambia, kumbukirani chilala cha 2024 chimene boma linachilengeza kuti ndi tsoka la dziko lonse; mukaone mmene kampaniyo inadutsira chaka chimenecho poyerekeza ndi anzake. Kukhala pa msika wa masheya si chitsimikizo cha thanzi, pakuti Investrust Bank inali pa msika womwewo pamene Bank of Zambia inailanda mu April 2024.

Chinanso chimene ambiri amachinyalanyaza n'chakuti masheya a makampani aang'ono amatha kukhala masiku ambiri popanda wogula, ndiye tsiku lofuna ndalama za feteleza kapena za sukulu mungakakamizike kutsitsa mtengo. Pemphani broker (wogula ndi kugulitsa masheya m'malo mwa anthu) wovomerezedwa ndi bungwe loyang'anira malonda a masheya la Securities and Exchange Commission akuonetseni kuchuluka kwa masheya amene agulidwa m'miyezi yapitayi, ndiponso muyerekeze gawo la phindu limene kampaniyo imapereka kwa eni masheya ndi chiwongoladzanja cha ma bond a boma, amene ndi zikalata zokongoza boma ndalama. Ngati boma likulipira zambiri, kampaniyo iyenera kuonetsa kuti phindu lake likukula chaka ndi chaka musanaikemo ndalama zanu.