Funsani Azakhali: Akuti ndinenepe kaye chinkhoswe chisanafike

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimagulitsa nthochi ndi mapeyala pamsika wa Luchenza. Ndinabadwa wochepa thupi. Kusukulu ankanditchula Kabango, ndipo dzinalo landitsatira mpaka pano. Chinkhoswe changa chayandikira, koma tsiku limene akuchimuna anabwera kwathu ndinamva azakhali a bwenzi langa akunong'oneza ankhoswe kuti, "Koma ameneyu mwamuyezetsa?" Tinayezetsa kale tonse awiri, tilibe kachilombo. Mnzanga wandipezera mapiritsi onenepetsa, akuti pakatha mwezi ndidzakhala nditadzadza. Chondizunguza mutu n'chakuti achemwali anga, bere limodzi, ndi onenepa koma nawonso sali pamtendere. Makondakitala amawauza kuti alipire mipando iwiri, akabaza amayang'ana kumbali akawaona. Kodi ndimwe mapiritsiwo?

Wodandaula, Luchenza

Mwana wanga,

Mapiritsiwo usamwe. Ndayamba ndi zimenezi kuopa kuti ungasiyire panjira kuwerenga kasitomala akafika.

Ambiri mwa mapiritsi amene amayenda m'zikwama za anthu sanapangidwire kunenepetsa. Ena ndi dexamethasone, mankhwala amphamvu amene dokotala amapereka pa matenda ena, moyeza bwino. Munthu akamamwa mwachisawawa nkhope imatupa n'kukhala yozungulira, mimba imakula, koma miyendo ndi manja zimatsala zowonda. Amakweza BP, amatha kuyambitsa shuga, amafooketsa mafupa ndi chitetezo cha m'thupi, ndipo ukawazolowera kusiya mwadzidzidzi n'koopsanso. Ena ndi cyproheptadine, a ziwengo, amene amapatsa njala ndi tulo. Uziwodzera pa mulu wa nthochi ana akukubera, chifukwa cha mawu a mayi amene sagona m'nyumba mwako?

Tsono za azakhali a bwenzi lakowo. Sindikuwaikira kumbuyo, analankhula mopanda mwambo, koma kumene kwachokera mawu awo ndikukudziwa. Ine ndinakulira ku Thyolo, m'nyumba za antchito a m'minda ya tiyi. M'zaka za m'ma 1990 tinkaika maliro sabata ndi sabata, ndipo matendawo tinkangowatchula kuti kaliwondewonde. Munthu akangochepa thupi, anthu ankayamba kumuwerengera masiku. Maso athu anaphunzira kupima anthu nthawi imeneyo, ndipo ena mpaka lero sanasiye. Koma kuyambira 2004 ma ARV akuperekedwa mwaulere m'dziko muno, ndipo lero alipo anthu a matupi awo, athanzi, amene ali pa mankhwala, pomwe ena owonda ngati iwe alibe kalikonse. Diso siliyeza magazi. Ndipo ngakhale ukanapezeka nako kachilomboko, imeneyo ikanakhala nkhani ya iwe ndi mwamuna wako, osati yonong'onezana pakhonde.

Chimodzi chokha ndikufunse: kodi thupi lako ndi lomwe lija la kale, kapena masiketi ayamba kukhwepa posachedwapa? Ngati ukuwonda osadziwa chifukwa, ukutsokomola kopitirira masabata awiri, ukutuluka thukuta usiku, kapena ukumva ludzu ndi kukodza pafupipafupi, pita kuchipatala akakuyeze TB ndi shuga. Koma ngati umadya bwino, umasamba kumwezi mwa nthawi zonse, ndipo umasenza mkoko wa nthochi kuchoka pa siteji kukafika pamalo ako osapumira, palibe choti uchize.

Nkhani ya achemwali ako yandikhudza kwambiri chifukwa ndi yanga. Ine ndine wamfupi, wonenepa. Ndili mtsikana ankanditamanda kuti ndine mkazi weniweni, ndipo nditakwatiwa amati bambo akusamala. Anthu omwewo, nditabereka mwana wachitatu, anayamba kundifunsa ngati ndimasiyirako ana nsima. Pa ukwati wina ku Bvumbwe mpando wapulasitiki unandithyokera, anthu anaseka mpaka ena kugwetsa misozi. Inenso ndinaseka nawo, koma ndinatha pafupifupi chaka osapita ku zisangalalo. Chimene chinandibweza si uphungu wa munthu ayi. Ndinangoona kuti maukwati akupitirira, nyimbo zikuvinidwa, amene ndikusowapo ndi ine ndekha. Tsiku lomwe ndinabwererako ndinapeza pakamwa pomwe paja pakuseka mnyamata wina wamtali kuti ndi mlongoti, ndi mkwatibwi kuti wada kwambiri. (Za mafuta oyeretsa khungu tidzakamba tsiku lina, makalata ake adzadza kale katoni.)

Pa kalata yako yonse sunanene zimene mwini wake, bwenzi lakolo, akunena. Iyeyu anakupeza uli Kabango yemweyo n'kukufunsira. Muuze zimene unamva, osati mokalipa, ndipo iye ndi ankhoswe ake akawalankhule azakhali akewo. Ndi ntchito yawo, iwe usakayankhane ndi akuluakulu akuchimuna chinkhoswe chisanachitike. Akakayankha kuti "nanga sungonenepako pang'ono," undilemberenso, chifukwa pamenepo nkhani yasintha.

Ndalama ya mapiritsiyo pita nayo kwa telala. Usabwereke diresi la munthu wina n'kumalimanga ndi mapini kumsana, kapena kuvala zitenje ziwiri mkati monga amachitira ena. Akuyeze bwinobwino, asoke la thupi lakolo. Achemwali akonso apite nawo akayezedwe lawo, ndipo uwauze kuti tsikulo ndikufuna kumva kuti anatsogolera perekaniperekani.

Azakhali